Zitseko za a Momme

Harm anali atagwada pakhomo la chipinda chochezera, chitseko atachitsamiritsa paphewa, pamene mlongo wake Frauke analowa ndi mtolo wa nkhuni. Mahinjesi anali atachita dzimbiri. Chitsekocho chinali chitakhala m'shedi kuyambira iwo asanabadwe, ndipo m'munsi mwake munali mutatupa ndi chinyezi.

"Tandigwirira apa, iwe," anatero Harm osatembenuka.

Frauke anamulambalala, n'kukaika nkhuni pafupi ndi mbaula. Sanamugwirire.

Bambo awo, a Momme Ketelsen, anali atamwalira dzulo lake m'mawa, atakhala pabenchi panja akumanga zingwe za nsapato. Tsopano anali chigonere m'bokosi losatseka m'chipinda chakumapeto, zenera lili lotsegula monga amachitira pamaliro, mphepo ya Novembala ikulowa ndi fungo la matope a kunyanja.

Panalibe wosaidziwa nyumba ya a Ketelsen m'mudzimo. Inali nyumba yopanda zitseko. Chinalipo n'chotulukira panja chokha, ndipo nachonso a Momme ankachitsegula akangodzuka, n'kuchikanikiza ndi kathabwa kosongoka kuti mphepo isachitseke. Kuchipinda chogona, kukhitchini, ngakhale kubafa, kunkapachikidwa nsalu basi. Timathabwa totere ankayenda nato m'matumba. Kutchalitchi ankakhala benchi yomaliza, kathabwa kali pansi pa chitseko, mpingo wonse ukunjenjemera. Kwa dokotala nako chimodzimodzi. Anthu anadandaula mpaka anatopa, n'kumangovala majekete awiriawiri.

Harm ankati zimenezo tsopano zatha. Mawa kubwera alendo, kubweranso a Injiniya Rehder ochokera kumzinda wa Kiel, ndiye iye sangawalandirire m'nyumba yokhala ngati khola la nkhosa. Iye ankagwira ntchito kumene amakhoma sitima ku Kiel komweko, ndipo ankati amadziwa mmene anthu a ulemu wawo amakhalira.

Mayi awo, a Gesche, anali pathebulo akudula keke ya batala imene anansi anabweretsa. Frauke anawayang'ana kuti mwina anenapo kanthu.

"Musiye akhome," anatero mayiwo. "Ndazizidwa zaka makumi atatu ndi kanthu. Nanenso ndimveko mmene anzanga amafundira."

Koma nkhani yeniyeni sinali ya zitseko. Atamaliza kukhoma, Harm anapukuta manja n'kunena zimene a Rehder anamuuza palamya. Thupi lipita ku Kiel kukawotchedwa, phulusa liikidwe m'kamtsuko, kenako boti lidzanyamula kamtsukoko kukakamiza pakati pa nyanja. Ndilo linali pangano, ndipo bambo awo anagwirana nawo chanza.

Frauke ankalidziwa panganolo, pakuti nkhani yake sinali chinsinsi. Pa nthawi ya nkhondo a Momme, ali mnyamata, ankagwira ntchito m'sitima yoyenda pansi pa madzi. Anyamatawo ankaitcha Tsekwe, chifukwa cha tsekwe wovala nsapato yemwe anamujambula pansanja yake. Paulendo womaliza mabomba a adani anaing'amba kumbuyo, madzi n'kuyamba kulowa. A Rehder, omwe anali injiniya wamkulu, analamula kuti chitseko chachitsulo chapakati chitsekedwe, ndipo amene anali pafupi nacho anali a Momme. Anachitseka. Sitimayo inayandama kanthawi kochepa, anthu asanu ndi awiri n'kutuluka amoyo. Ena onse anatsikira nayo pansi, ambiri a iwo ali kuseri kwa chitseko chija. Atagwidwa ndi adani, ali ku ukaidi, asanu ndi awiriwo analumbirirana kuti aliyense akamwalira adzabwerera m'madzi, kuti gulu la Tsekwe lidzakwanire. Asanu anali atapita kale motero. Otsala anali a Momme ndi a Rehder.

"Ababa sapita m'madzi," anatero Frauke.

Harm anaseka pang'ono. "Tamvani, Amayi. Wosalankhula uja walankhula."

"Ndati sapita."

Harm anamufotokozera ngati akufotokozera mwana. Mawu a mwamuna ndi mawu. Bambo awo sanaphonyepo msonkhano wa chaka ndi chaka wa opulumuka aja, ndipo pamaliro a anzawo asanu aja anapita. Akanafuna kuthetsa pangano, pakamwa anali napo. Ndiponso kamtsuko kake si kachitsulo, n'ka mchere, kamasungunuka m'madzi.

"Kasanasungunuke, akhala ali kuti?" anafunsa Frauke.

Harm anati limenelo ndi funso lachibwana. A Gesche anapitiriza kudula keke, tizidutswa tikunka tichepa.

Frauke anapita kuchipinda chakumapeto. Chitseko cha kumeneko Harm anali asanachifikire. Anakhala pampando pafupi ndi bokosi, n'kuyang'ana manja a bambo ake. Anali atawasambitsa, koma ming'alu ya bango inali ikuonekabe m'zala.

A Momme atabwerako ku ukaidi anasankha ntchito yofolera madenga ndi bango. Ankati ndi ntchito yokhayo imene munthu amakhala pamwamba pa denga osati pansi pake. Frauke atamaliza sukulu, anthu ankayembekeza kuti akalowa ntchito kupositi ofesi, koma iye anakwera makwerero kutsatira bambo ake. Anali mtsikana wamanyazi, woti pakati pa anthu mawu ankamuthawa. Padenga panalibe womufunsa mafunso. Ankatha tsiku lonse awiriwo, wina akuponya mtolo wina akuwakha, osalankhulana kupatula "bweretsa" ndi "kokera".

Za sitimayo bambo ake anamuuzapo kamodzi kokha. Anali padenga lalitali kufupi ndi mpanda wotchinga nyanja, pansi kalipentala wina akukhoma msomali. A Momme anasiya ntchito, n'kudikira mpaka kukhomako kutatha. Kenako anati, maso ali pabango, "Ankagogoda kuseri kwa chitseko. Ndi sipanala." Kuyambira tsiku limenelo Frauke anamvetsa chifukwa chake kwawo munthu sankagogoda. Unkangolowa, n'kuitana.

M'mawa mwake Frauke anaona kuti chitseko cha chipinda cha mayi ake, chimene Harm anakhoma komalizira, chinali chotsegula, nsapato yakale itaikidwa pansi pake. A Gesche anamuona akuyang'ana nsapatoyo.

"Munali kutentha," anatero, n'kulowa kukhitchini.

A Rehder anafika chakumasana pagalimoto yaing'ono yotuwa. Anali nkhalamba yayitali yowongoka msana, jekete yakuda itamangidwa mabatani onse, kabaji ka tsekwe kali pachifuwa. Anapsompsona dzanja la a Gesche, n'kupita kukaima pafupi ndi bokosi nthawi yaitali. Atabwerera kuchipinda chochezera, Harm anawalozera mpando wabwino pafupi ndi mbaula. Iwo anathokoza, koma anakoka mpando wouma n'kukhala pafupi ndi khomo.

Frauke anaziona zimenezo akuthira khofi. Anali ataziona kale kangapo. Chaka chimene msonkhano wawo unachitikira m'nyumba muno, nkhalamba zonse zinakhala moyang'ana kukhomo, ndipo zinayamikira kwambiri mpweya wa kumudzi. Lero a Rehder anali atatambasula mwendo, nsonga ya nsapato itagusa chitseko chatsopanocho kuti chisayende.

Atamwako khofi ndi kakapu ka kachasu wa tirigu, anayamba mbiri ya Tsekwe. Ankainena pamaliro alionse a gululo, ndipo inkatuluka mwadongosolo ngati pemphero. Sitimayo inakhomedwa ku Kiel. Anaiyesa m'nyanja ya Baltic m'nyengo ya chisanu, madzi ataundana m'zingwe. Kenako anaitumiza kudoko lina ku France, ndipo kuchokera kumeneko inkalowa m'nyanja yaikulu kukasaka sitima za katundu za adani. Ananena za ulendo woyamba umene anabwerako chimanjamanja, za wachiwiri umene anamiza sitima ziwiri, za buledi womera nkhungu yemwe ankamusenda ngati mbatata, za ndevu ndi fungo la dizilo. Harm ankamvetsera atatsamira kutsogolo. Za anthu a m'sitima zomizidwazo a Rehder sananenepo.

"Ndiye pa ulendo wachinayi," anatero, "mwamuna wanu, Mayi Ketelsen, anachita zimene msilikali amayenera kuchita. Popanda dzanja lake, ine sindikanakhala pano. Malo ake ali pakati pa anzake. Akumudikira."

A Gesche anayang'ana m'kapu mwawo. Harm anati banja likumvetsa, ndipo galimoto yonyamula thupi ikhoza kubwera mawa.

Frauke anali akugwirabe ketulo. Anali atakonza mawu ambiri m'mutu, koma onse anabalalika monga mwa masiku onse. Anaika ketulo pathebulo, n'kupita pakhomo.

"Pepani, a Injiniya, tachotsani mwendo. Mukulowa mphepo."

Nkhalambayo inamuyang'ana, n'kubweza mwendo mwaulemu. Frauke anakankha chitseko. Chinakana chifukwa cha kutupa kuja, ndiye anachikankha ndi phewa, phewa lozolowera mitolo ya bango, mpaka chinalowa m'malo mwake ndi kaphokoso kogontha. Anachitsamira ndi msana, manja ali kumbuyo.

"Pitirizani," anatero. "Tikumva."

A Rehder anapitiriza. Ananena za boti limene lidzanyamule phulusa, za belu limene amaliza, za maluwa oponya pamadzi. Mazenera a chipindacho anali otseka chifukwa cha mbaula. Mawu awo anayamba kudukaduka. Anabwereza za belu kawiri. Anamasula batani lapakhosi, n'kupukuta mphumi ndi kansalu. Maso awo sankayang'ananso a Gesche, ankangopita pachogwirira cha chitseko, pafupi ndi chigongono cha Frauke.

"Mwanawe, tatsegulako pang'ono."

"Simunamalize."

"Frauke," anatero Harm, "wapenga?"

"Khofi wawo sanazizire n'komwe," anatero Frauke, osasuntha pomwe anaima. "Chipinda chake n'chachikulu, chili ndi mazenera, muli ndi anthu. Ababa mukufuna muwatsekere m'kamtsuko, muwatsitsire kumdima komwe kuja. Inu kanthawi aka kokha kakukanikani."

A Rehder anaimirira, mpando n'kugwa. Harm anamukoka mlongo wake pamkono kumuchotsa pakhomo, n'kugwira chogwirira. Chitseko chinakana. Anakokanso, chinakanabe, chitamatirira m'munsi. Apo nkhalamba ija inamukankhira pambali Harm, n'kuyamba kumenya chitseko ndi chibakera. Inamenya katatu, kanayi, ikupuma ngati munthu wothamanga. Phokosolo linamveka nyumba yonse, mpaka kuchipinda chakumapeto.

A Gesche anadzuka.

"M'nyumba muno simugogodedwa," anatero. Sanakweze mawu, koma chibakera chinaima m'malere. Anapita pachitseko, n'kuchinyamula pang'ono ndi chogwirira monga ankachitira ali mtsikana kwa makolo awo, ndipo chinatseguka. A Rehder anatuluka osayang'ana munthu.

Harm anatembenukira mlongo wake, nkhope itafiira. Anamuuza kuti wachititsa manyazi banja, wazunza nkhalamba yobwera kudzalira mnzake, ndipo bambo awo akanaona akanamukana. Frauke anapisa manja m'thumba la epuloni. Zoti wachita nkhanza ankazidziwa yekha. Koma akanati abwereze, akanatsekanso.

"Harm," anatero mayi awo, "pita kwa a Okke, oika maliro aja, ukawauze kuti akumbe manda. Kumtunda, kuseri kwa tchalitchi, komwe kumawomba mphepo."

"Amayi, Ababa anagwirana nawo chanza."

"Ndi dzanja limodzi. Linalo linali m'thumba, litagwira kathabwa. Ine ndagona pambali pawo zaka zonsezi, usandiuze zimene ankafuna." Anatola mpando unagwa uja n'kuuimika. "Ukabwerako uchotse zinthu zakozi uzibweze kushedi. Ndayesa, sindikuzitha."

Frauke anawapeza a Rehder atakhala pabenchi panja, pomwe bambo ake anafera, chipewa chili m'manja. Mphepo inkawasokoneza tsitsi loyera. Anawabweretsera khofi wina, n'kuima chapatali pang'ono.

Nkhalambayo inalandira kapu. Inati kunyumba kwake ku Kiel imagona pampando pafupi ndi khonde, ndipo mkazi wake anachoka kalekale chifukwa cha zomwezo. Inanena izi mosadandaula, ngati ikunena za nyengo. Kenako inati asanu aja inawaperekeza yokha mmodzimmodzi, ndipo nthawi zonse inkadziuza kuti ikadzafika pansi pa nyanja idzatha kuwerenga anthu ake n'kupeza akwanira.

"Lamulo linali langa, dzanja linali la Momme," inatero. "Ndimati tikafike tonse awiri. Tsopano ndikapita ndekha, ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti Ababa sanaphwanye pangano. Wakaniza ndine."

"Iwe."

"Ine, Frauke Ketelsen. Ngati ali ndi mlandu abwere adzaunene kuno. Chitseko n'chotsegula."

A Rehder anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa mpweya m'mphuno, ngati kuseka kosamaliza. "Momme ankati mwana wake wamkazi ndi wofatsa."

"Ndine wofatsa."

"Mulungu atiteteze kwa ofatsa," anatero, n'kumwa khofi. Sananene kuti avomera. Koma sanakwere galimoto yawo. Anafunsa ngati kunyumba ya alendo m'mudzimo kuli chipinda chokhala ndi zenera lalikulu.

Tsiku la maliro kunacha kopanda mvula. Anansi asanu ndi mmodzi oti anyamule bokosi anali ataima pabwalo, atavala zipewa zakuda, akupondaponda pansi chifukwa cha kuzizira. Zitseko zinali zitabwerera kushedi. Harm anazichotsa yekha osalankhula ndi munthu, ndipo kuyambira tsiku lija sanamuyang'anepo mlongo wake kumaso.

A Okke Brodersen, kalipentala wa m'mudzimo amenenso ankaika maliro, analowa m'chipinda chakumapeto atanyamula chivundikiro. Anali munthu wosatha kukhala chete ngakhale pamaliro. Anati m'moyo mwawo sanaonepo nyumba yosavuta kutulutsamo bokosi ngati iyi, ndipo Momme anawaganizira anzake. A Gesche anawauza kuti atseke pakamwa agwire ntchito. Kenako anawerama, n'kusalaza kolala ya mwamuna wawo, n'kupatuka. A Rehder anali ataima pakhomo la chipindacho, mwendo umodzi mkati wina kunja.

A Okke ndi Harm anatsitsa chivundikiro. Zomangira zake zinali zopota ndi zala, ndipo a Okke anayambira kumiyendo, kupota chimodzichimodzi mosachita phokoso. Frauke ankayang'ana mpata wa pakati pa chivundikiro ndi bokosi ukunka uchepa.

"Dikirani kaye, a Okke."

Anapita pakhonde pomwe panali jekete ya ntchito ya bambo ake, ikadali pamsomali wake. M'thumba lakumanja munali kathabwa, kosalala ndi kuda chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anabwera nako, n'kutukula pang'ono ngodya ya kumutu, n'kukalowetsa pansi pa chivundikiro. Panatsala kampata koti n'kulowa chala chaching'ono.

A Okke anakanda kumutu. Anati iwo aika anthu ambiri, koma izi n'zachilendo, ndipo abusa akaona afunsa.

Harm anayang'ana kathabwako. Frauke anakonzeka kuti akakachotsa, iye akabwezeretsa, ngakhale pamaso pa mudzi wonse. Harm anatambasula dzanja. Anatenga nkhata ya maluwa imene inali pakati pa bokosi, n'kuikokera kumutu, masamba ake n'kugwera pangodyayo mpaka kathabwa kanabisika. Kenako anakankha tsamba limodzi ndi chala kuti lisatseke mpata.

A Okke anayang'ana chomangira chomaliza chili m'dzanja lawo. Anayang'ana a Gesche, anayang'ananso nkhalamba yoima pakhomo ija, imene inali itavula chipewa. Anachiponya m'thumba la jekete, n'kupita kukaitana onyamula.